Momwe ndinaziziritsira VRM ndi CPU ndi madzi

Anthu ambiri akamva za kuziziritsa kompyuta ndi madzi amangoganizira CPU (ubongo wa kompyuta), mwina ndi GPU (imene imakonza zithunzi). Ine chimene chinandilowetsa m'ntchitoyi ndi tizipangizo tating'ono tozungulira pamene pamakhala CPU, totchedwa VRM. Ntchito yake ndi kutsitsa magetsi a 12V ochokera ku power supply kuti afike pa mlingo umene CPU imadya, umene nthawi zambiri umangodutsa 1V pang'ono. Potsitsa magetsiwo ma MOSFET, timaswichi ta magetsi ta mu VRM, amatentha kwambiri. Fani yaikulu ya pa CPU ikamazungulira, mphepo yake imapitako n'kuwapepesa. Mukaichotsa n'kuikapo block ya madzi, chitsulo chimene madzi amadutsamo n'kuchotsa kutentha, mphepo ija yatha. CPU imazizira, koma VRM ili pambali pomwepo ikupsa, ndipo ikafika poipa motherboard imachepetsa yokha liwiro la CPU kuti idziteteze.

N'chifukwa chake ndinasankha monoblock, block imodzi yophimba CPU ndi VRM pamodzi. Makampani ngati EK Water Blocks a ku Slovenia ndi Bitspower a ku Taiwan akhala akupanga zoterezi, koma iliyonse imapangidwira motherboard yakeyake. Ndinayang'anitsitsa dzina lonse la motherboard yanga mpaka chilembo chomaliza ndisanagule. Ndinatsimikizanso kuti block ndi radiyeta (momwe madziwo amakaziziramo) ndi za kopa, opanda aluminiyamu paliponse. Zitsulo ziwirizi zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu imadyeka pang'onopang'ono, zinyalala zake n'kutseka tinjira ta m'kati mwa block.

Ndisanamasule kalikonse ndinathamangitsa Cinebench, pulogalamu yogwiritsa CPU ntchito yolemetsa, n'kulemba kutentha kwa CPU ndi kwa VRM monga pulogalamu ya HWiNFO inaonetsera. Popanda manambala amenewa simungadziwe ngati mwapindula.

Kenako ndinazula chingwe pakhoma, n'kudina batani loyatsira kuti magetsi otsalira atuluke, n'kutulutsa motherboard yonse. Ma heatsink a VRM, zitsulo zochotsa kutentha zimene zimabwera ndi motherboard, amamangidwa ndi masikuluwu a kuseri. Mukamasula musazule mwamphamvu, muziwagwedeza pang'ono mpaka ma thermal pad akale, timapepala tofewa todutsitsa kutentha tokhala pansi pake, alekerere. Ndinasunga zonsezo m'kathumba kamodzi, poti tsiku lina motherboard ingafunike kubwezeretsedwa momwe inalili. Popukuta ndinagwiritsa ntchito isopropyl alcohol pa CPU ndi pa ma MOSFET, koma osakhudzitsa pa chivindikiro cha block choonekera m'kati cha acrylic, chifukwa imaching'ambitsa.

Pamene ndinakhalitsa kwambiri ndi pa ma thermal pad, ndipo ndikupemphani kuti nanunso musathamangepo. Amabwera mokhuthala mosiyana, 0.5mm, 1.0mm, 1.5mm, ndipo kabuku ka block kamanena kuti iti ipite pati. Kusiyana kwa theka la milimita kumaoneka ngati nkhambakamwa, komatu ndi pamene ntchito yonse yagona. Pad ikakhuthala kwambiri imanyamula block, ndiye pakati pake sipakhudza CPU bwino. Ikapyapyala, ma MOSFET amangokhala pansi pa chitsulo chimene sichikuwagunda n'komwe, ndipo amatentha kuposa kale. Ndinadula timizere ta pad, n'kusenda kapulasitiki ka mbali zonse ziwiri, n'kuika thermal paste (phala lodutsitsa kutentha) pa CPU, n'kumanga block. Ndiye ndinaimasulanso dala kuti ndione. Pa pad paliponse panayenera kudindika chithunzi cha MOSFET iliyonse, ndipo paste inayenera kufalikira mofanana pa CPU yonse. Nditakhutira ndinapukuta paste ija, n'kuika yatsopano. Masikuluwu ndinkamanga modumphadumpha, wa ngodya iyi kenako wa ngodya yoyang'anana nayo, pang'onopang'ono, kuti block itsike molingana.

Chipset, kachipangizo kena ka pa motherboard, ndinaisiya yopanda block. Kupatula zochepa monga X570 ya AMD ya mu 2019, imene pa motherboard zambiri inkabwera ndi kafani kake, chipset siitulutsa kutentha kofuna madzi. Block ina iliyonse imene mwaonjezera ndi malo ena awiri amene madzi angadonthere. Koma mafani a m'bokosi la kompyuta ndinawasiya momwemo, chifukwa RAM, M.2 SSD ndi ma capacitor zimadalirabe mphepo.

Radiyeta yatsopano imakhala ndi zotsalira za ku fakitale m'kati, choncho ndinaitsukuluza ndi madzi a distilled, kukhutchumula n'kutaya, mpaka madzi atatuluka oyera. Pa kayendedwe ka mapaipi anthu amatsutsana kwambiri, koma madzi amathamanga moti kutentha kwake sikusiyana kwenikweni kuchoka pamalo ena kupita pena. Lamulo limodzi lokha ndi limene sindinaliphwanye: thanki ikhale pamwamba pa pampu ndipo iziithira madzi mwachindunji. Pampu ya D5 imadalira madzi omwewo kuti isakhulane m'kati, ikazungulira youma imawonongeka msanga. Ndinagwiritsa ntchito mapaipi ofewa a 10/16mm ndi ma compression fitting (zolumikizira mapaipi) a G1/4, omangidwa ndi dzanja basi. Chimene chimatseka madzi ndi kamphira ka O-ring, osati mphamvu za sipanala. Pamalo otsika kwambiri ndinaikapo kampopi kotulutsira madzi.

Poyesa ngati pakudontha, motherboard isalandire magetsi ngakhale pang'ono. Ndinazula zingwe zake zonse, n'kusiya pampu yokha yolumikizidwa ku power supply. Pa pulagi ya mapini 24 ndinaika kolumikizira kamene kamagwirizanitsa pini ya PS_ON, ya waya wobiriwira uja, ndi ya waya wakuda, kuti power supply iziyaka payokha. Pansi pa fitting iliyonse ndinayalapo tishu woyera. Ndinkadzaza thanki, kuyatsa pampu, madzi akamatsika n'kuzimitsa thanki isanaume, n'kudzazanso. Madzi atazungulira ponse ndinapendeketsa bokosi uku ndi uku kuti mpweya wobisala m'radiyeta utuluke; phokoso lake limamveka ngati munthu akuchukucha m'kamwa, ndipo limachepa lokha. Ndinasiya pampu ikuyenda usiku wonse. M'mawa ndinagwira tishu aliyense ndi chala, popeza kadontho ka madzi oyera maso amatha kukaphonya.

Zonse zitauma ndinabwezeretsa zingwe, n'kuthamangitsanso Cinebench. CPU inatsika ndithu, koma chimene chinandisangalatsa ndi VRM: kale inkangokwerabe ntchito ikamapitirira, tsopano imafika pena n'kukhazikika. Madzi amene ndinathira ndi osakaniza kale, okhala ndi mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri, ndipo pa bokosi ndinamatapo kapepala ka tsiku lothira, kuti chaka chisanathe ndidzawataye, ndione ngati tinjira ta m'block tili toyera, n'kuthira atsopano.