Oda ya pa Fatima yomwe inatsitsidwa pa Bangula

Maoda a shuga, sopo ndi mafuta ophikira a masitolo a pa Nchalo ndi pa Ngabu sabata ino anayenda bwino, kupatula Lachiwiri pomwe lole inagona pamzere wa dizilo. Zimenezo tinazolowera. Chomwe chandiwawa ndi cha Lachinayi.

Mayi ena ogulitsa zipangizo zaulimi pa Fatima analipiratu matumba 40 a feteleza ndi mbewu ya chimanga. Ine, wolandira maoda, ndinalemba bwinobwino kuti katundu ndi wa ku East Bank, akhotere pa Thabwa. A kuholoselo ku Limbe pa invoisi yawo analemba mawu amodzi okha: Nsanje. A kampani ya malole, osafunsa, anapatsa dalaivala pepala lomwelo. Iye anatsika mapiri, nkuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, nkutsata M1 mpaka pa Bangula, kenaka ndikuyimba kuti wafika.

Fatima ilidi m'boma la Nsanje, koma ili tsidya lina la Shire. Aliyense wa kuchigwa kuno akudziwa kuti njira ya ku Chiromo inaduka pa Mtayamoyo, anthu amawoloka pa bwato. Feteleza sungamukweze m'bwato lolowa madzi.

Ndinawayimbira a malole, akuti mafuta obwerera ku Thabwa alipire a holoselo. A holoselo akuti katundu akatuluka pageti si wawonso. Dalaivala, dzuwa la Okutobala likumuwotcha, anatsitsa matumba pakhonde la sitolo ina, nkufunditsa lona, ulendo. Thumba limodzi linang'ambika pakona, feteleza ali mbuu pansi.

Mayi aja sadziwa nambala ya ku Limbe, sadziwa ya malole. Amadziwa yanga. "Achimwene, alimi andipatsa kale ndalama zawo, ndiwauze chiyani?" Sanakalipe nkomwe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri.

Makampani atatu tikutumikira kasitomala mmodzi, koma aliyense ali ndi kaundula wake, ndipo chotilumikiza ndi gulu la WhatsApp lomwe mabwana amaliwerenga zinthu zitaonongeka kale. Ndakhala ndikupempha fomu imodzi yolembapo msika weniweni, njira yake ndi nambala ya wolandira. Yankho nthawi zonse ndi loti tikambirana pamsonkhano.

Katundu anafika pa Fatima Loweruka madzulo pa kalole kahayala. Za amene alipire hayalayo, mpaka pano akadakankhirana.