Wailesi ya m'mawa ndi mawu a Moreschi

M'mawa wabwino sufuna zambiri. Ndikadzuka ndekha wotchi isanalire, thupi litapumuladi, n'kupeza kuti nthawi ilipo yotsegula zenera ndi kuima kaye pamenepo mpweya wozizira ukulowa, ndimadziwa kuti tsikulo layamba bwino, kaya masana kubwera zotani. Madzi ofunda osamba ndi bata la m'nyumba ena asanadzuke zimawonjezera chisangalalocho. Koma chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi wailesi, chifukwa pa wailesi sindine amene ndimasankha zoti ndimve. Pa foni ndimangobwereza nyimbo zimene ndikuzidziwa kale, pomwe pa wailesi pali munthu wina, ali m'kachipinda kutali uko, amene waganiza kuti anthu osawadziwa ayenera kumva chakutichakuti m'mawa uno, ndipo nthawi zina amatola chinthu chimene ine sindikanachifunafuna ngakhale nditakhala ndi moyo zaka zana.

Umo ndi mmene ndinamvera koyamba mawu a Alessandro Moreschi. Mbale yake ndi yakale kwambiri, moti phokoso lake limamveka ngati mvula yowaza pa malata, ndipo piyano imamvekera patali. Kenako mumatuluka mawu okwera kwambiri, amene si a mkazi komanso si a mwana, onjenjemera pang'ono, ndipo asanafike pa noti yapamwamba amayamba adumpha ngati munthu wosisima. Moreschi anabadwa mu 1858, ankaimba mu kwaya ya Sistine Chapel, tchalitchi cha Papa ku Rome, ndipo ndiye yekhayo mwa oimba othenedwa, amene ku Italy ankatchedwa castrati, amene anajambulidwa akuimba payekha. Anamujambula mu 1902 ndi mu 1904, nthawi imene woimba ankaima kutsogolo kwa chilipenga chachikulu chimene chinkagwedeza singano yolemba pa phula.

Chiyambi cha mawu amenewa n'chomvetsa chisoni. Akazi sankaloledwa kuimba m'makwaya a tchalitchi, potsatira mmene anthu ankamvera mawu a Paulo akuti akazi akhale chete mumpingo, ndipo m'madera ambiri olamulidwa ndi Papa sankaloledwanso kukwera pa nsanja ya zisudzo. Komabe nyimbo zinkafuna mawu okwera. Anyamata aang'ono ankatha kuimba motero, koma akangoyamba kudziwa bwino ntchitoyo mawu awo ankasintha, ndiye anthu anapeza njira yoti asasinthe: kuthena mnyamata asanathe msinkhu. Mu 1589 Papa Sixtus V anakonzanso kwaya ya tchalitchi cha St Peter's mwakuti oimba otere akhalemo.

Zimene zinkachitika m'thupi la mwanayo ndi zimene zimandichititsa chidwi ndi mantha pamodzi. Popanda testosterone, mphamvu ya m'thupi yochokera m'machende imene imasintha mnyamata kukhala mwamuna, kholingo silikula ngati la mwamuna wamkulu, motero timinofu totulutsa mawu timakhalabe tatifupi ndi topyapyala. Mafupa nawo amachedwa kusiya kukula, ndiye ambiri a iwo ankakhala aatali, a manja ndi miyendo yaitali ndi chifuwa chotakasuka. Kholingo la mwana pamwamba pa mapapo a chimphona, kuwonjezerapo zaka zambiri zophunzira kupuma ndi kuimba tsiku ndi tsiku m'sukulu za nyimbo monga za ku Naples, ndizo zinkabala mawu otha kugwira noti imodzi kwa nthawi yaitali, kuikuza pang'onopang'ono n'kuichepetsanso popanda kukoka mpweya wina.

Ochepa analemera ndi kutchuka kwambiri. Senesino ndiye anasewera mbali ya Kaisara mu opera (sewero loimba) ya Handel, wolemba nyimbo wotchuka, yotchedwa Giulio Cesare pamene inkaonetsedwa koyamba ku London mu 1724, ndipo n'zoseketsa kuganiza kuti pa nthawi imeneyo ngwazi yankhondo inkaimba ndi mawu okwera popanda wina woona chachilendo. Carlo Broschi, wodziwika kuti Farinelli, anasiya kuimbira anthu wamba mu 1737 ali ndi zaka 32 zokha, napita ku Spain kukaimbira Mfumu Philip V, imene inkadwala matenda a maganizo, ndipo anaitumikira mpaka pamene inamwalira mu 1746. Mayina amenewa timawadziwa chifukwa zinawayendera. Ana ambiri, makamaka ochokera m'mabanja osauka, anathenedwa koma mawu awo osakhala abwino, chifukwa mpeni sunkapatsa munthu luso, ndipo iwo anakhala moyo wawo wonse osatha kubereka, Mpingo osawalola kukwatira, popanda wowaombera m'manja.

Mchitidwewu unafa pang'onopang'ono. Opera inayamba kukonda mawu a tena, amene ndi mawu okwera achibadwa a mwamuna wamkulu, malamulo a Italy analetsa kuthena ana, ndipo mu 1903 Papa Pius X analamula kuti mawu okwera m'tchalitchi aziimbidwa ndi anyamata. Moreschi anamwalira mu 1922.

Ena amati Moreschi sankaimba bwino, ndipo n'zoona kuti pena mawu ake amagwedera. Ine sindifulumira kumuweruza, popeza ankajambulidwa atapitirira zaka 40, anali woimba wa m'tchalitchi osati wa opera, ndipo makina a nthawi imeneyo ankataya mbali yaikulu ya kukoma kwa mawu. Kusisima kujanso, kumene ife timakuona ngati kulephera, kunali kaimbidwe kovomerezeka m'masiku ake. Chimene sindingathe n'kumumvera monga mmene ndimamvera nyimbo zina za m'mawa, uku ndikupukuta nsapato kapena ndikusita malaya, chifukwa akangoyamba ndimasiya zonse n'kukhala pansi.

Masiku ano nyimbo zimene Handel analembera Senesino zimaimbidwa ndi akazi a mawu otsikirapo kapena ndi amuna otchedwa countertenor, amene matupi awo ndi athunthu ndipo amakweza mawu mwa kuphunzira chabe. Wailesi ikandipatsa mmodzi wa iwo ndimakondwera ndi mtima wonse, ngakhale kuti pa mizere yaitali kwambiri ambiri amakakamizika kuba kampweya pakati, pamalo pamene wolemba nyimboyo sanasiye mpata wopumira.