Ma Brembo anga apita

Mnyamata wina wangochoka pano atanyamula mabuleki a kampani ya Brembo amene ndinamasula pa galimoto yanga ya Subaru WRX STI, a ma caliper (zitsulo zofinya disc pogwira buleki) agolide aja, a mapisitoni anayi kutsogolo ndi awiri kumbuyo. Mtima ukuwawa ndithu, koma kagulidwe kake kandisangalatsa.

Sanathamangire kunenerera mtengo ayi. Wayamba wayeza ma disc (zitsulo zozungulira limodzi ndi tayala) kuti aone ngati sanaperepeseke kupyola malire olembedwa pachitsulopo, kenako wakweza timalabala totchinga fumbi kufufuza dzimbiri pa mapisitoni. Anzanga, ambiri ogula mabuleki ogwiritsidwa kale ntchito amangotengeka ndi penti basi.

Ameneyu ndamutsitsira mtengo ndi mtima wonse. Ndamuuzanso kuti ma pad (zidutswa zokhuzana ndi disc) agule atsopano, ndipo marimu ake a mainchesi 16 salowa pa mabuleki amenewa, afune a 17.