Ulendo wathu wokaona masewera a utoto, ndi zoona zake za bulauzi ija

Amene munatsala, lekani kumva za m'maluwa. Pa WhatsApp nkhani yafika kale poti amayi msungichuma anagwera m'beseni. Sanagwere m'beseni, ine ndinali pomwepo.

Tinapita kukaona momwe anzathu a gulu lina la makolo amaseweretsera ana aang'ono kunyumba ndi utoto, madzi, mchenga ndi ufa. Mukukumbukira kuti amayi apampando analamula kuti tonse tivale zoyera, ati tikaoneke gulu ladongosolo. Alembi anayesa kukumbutsa kuti kumene tikupitako kuli utoto, koma mukudziwa mmene zimathera apampando akagogoda tebulo. Tinapeza eni ake atavala malaya akutha, pansi atayala pulasitiki, ana ali ndi matewera okha. Anatiyang'ana, n'kuyang'anana, koma sanaseke. Anthu aulemu amenewo.

M'beseni lija munali cornflour (ufa wosalala wa m'sitolo wolimbitsira msuzi) makapu 2, madzi kapu 1 ndi utoto wa chakudya wabuluu. Zinthu zake n'zodabwitsa: ukafinya zimalimba gwa, ukatambasula dzanja zimachucha pakati pa zala. Amayi msungichuma, omwe sakhulupirira chinthu chopanda risiti, anagwada kuti aone okha. Kamnyamata kena ka zaka 2 kanangovuula manja m'beseni, n'kuwakumbatira ndi chikondi chonse. Zikhatho ziwiri zabuluu zinatsala pamsana, zala zonse zikuoneka bwinobwino. Iwo osadziwa kanthu anayenda nazo mpaka nthawi yojambulitsa, ife tikungoluma milomo. Amene anaulula ndi agogo athu, ati, "Amayi, mwana wakusainirani kumbuyoku."

Pobwerera m'galimoto munatentha. Amayi msungichuma ati bulauzi ilipiridwe ndi thumba la gulu, poti lamulo la zoyera silinali lawo. Apampando ati malamulo athu satchula bulauzi. Alembi, amene akanatha kunena kuti ndinanena ine, anangoyang'ana pawindo ulendo wonse. Nkhaniyi ikubwera pamsonkhano, musajombe.

Zophunzira zinalipo ndithu. Choumbira amapanga ndi ufa wa tirigu makapu 2, mchere kapu 1 ndi madzi pafupifupi kapu 1, koma mwana asadye chifukwa mcherewo ndi wambiri zedi. Kwa amene akadali oika chilichonse m'kamwa, utoto wake ndi yogati wothira utoto wa chakudya. Mikanda, mabatani ndi timipira tija tofufuma m'madzi asayandikire mwana wosakwana zaka 3, ndipo pabeseni la madzi, ngakhale ochepa, wamkulu sachokapo. Kutsina, kufinya ndi kuthira kumalimbitsa tizala timene tidzagwire pensulo. Mtsogoleri wawo anatchulanso Maria Montessori, amene anatsegula sukulu yake ya ana ku Rome mu 1907 n'kumalimbikira kuti mwana amaphunzira ndi manja.

Chimene chinandigwira mtima ine ndi kamtsikana kena kamene kankanyansidwa ndi zonyowa. Palibe anakakakamiza. Anakathirira utoto wachikasu ndi wabuluu m'kathumba kapulasitiki kotseka, iko n'kumadina ndi chala mpaka mtundu wobiriwira unatuluka. Mmene kanakuwira! Ife kwathu mwana akangogwira utoto, kansalu kali kale m'manja kumupukuta, mwinanso kumugwira dzanja kuti duwa lioneke duwa. Anzathuwa amamusiya amalize, kusamba kumabwera pambuyo.

Zikomo kwa otilandira chifukwa cha madzi otentha ndi sopo, zikomo adalaivala popirira phokoso lathu, zikomo alembi chifukwa cha zithunzi, ngakhale zambiri mitu yathu mulibe. Abambo athu okhawo m'gulu, amene anati akungotiperekeza koma anathera tsiku lonse akulimbirana tizidutswa ta ayezi wa utoto ndi ana, tikukukumbutsani kuti ya galimoto simunapereke.