Ulendo wa ku Wales: Chilankhulo Chokhala ndi Bajeti Yake

Gulu lathu la makolo Achimalawi a ku Manchester, amene timasonkhana Loweruka kuphunzitsa ana athu Chichewa, linagwirizana kuti tikaone mmene boma la Wales likusamalirira Chiwelshi, chilankhulo cha makolo cha kumeneko. Tinasonkherana ndalama ya minibasi, tinapempha tchuthi kuntchito, amayi anakazinga mandasi, ulendo wa kumpoto kwa dzikolo.

Ku Wales sufunsa ngati wafika. Chikwangwani chilichonse chili m'zilankhulo ziwiri, ndipo pamakona analemba pa tala penipeni ndi penti yoyera kuti ARAF, kuuza dalaivala kuti achepetse liwiro. Si chifundo cha makhonsolo ayi, ndi lamulo. La mu 1993 linalamula maofesi a boma kuti aziona Chiwelshi ndi Chingerezi mofanana. La mu 2011 linachisandutsa chilankhulo chovomerezeka, n'kuikanso Komishonala wolandira madandaulo ngati ofesi yalephera kukuthandiza m'chilankhulo chako.

Tinayambira ku Caernarfon, m'dera la Gwynedd, kumene pafupifupi anthu 64 pa 100 alionse amayankhula Chiwelshi. Anyamata poyembekezera basi ankakangana za mpira m'chilankhulo chawo, osati kuti aonetsere alendo.

Pamene ine mtima unatsala ndi pasukulu ya mkaka, yomwe iwo amati Cylch Meithrin. Sukuluzi zili pansi pa bungwe la Mudiad Meithrin, lomwe linayamba mu 1971 ndipo lero limalandira ndalama kuboma. Kamtsikana kena kanapempha madzi m'Chingerezi. Aphunzitsi sanakakalipire, komanso sanakayankhe m'Chingerezi. Anagwada, n'kuloza kapu, n'kubwereza pang'onopang'ono pempholo m'Chiwelshi mpaka kamwanako kanatsatira. Kenako madzi aja. Anatiuza kuti ana ena pamenepo makolo awo sadziwa ngakhale moni wa Chiwelshi, koma amawabweretsabe kuti akadzapita kupulayimale adzaphunzire masamu ndi zonse m'chilankhulochi.

Aphunzitsi omwewo anatifotokozera za Welsh Not. M'zaka za m'ma 1800, sukulu zina zinkakoleka kathabwa m'khosi mwa mwana wogwidwa akuyankhula Chiwelshi. Iye ankakapatsira mnzake amene wamumva, ndipo wotsala nako poweruka ankakwapulidwa. Abambo ena achikulire a m'gulu lathu anangopukusa mutu. "Amayi, zimenezotu ife tazionera kumudzi," anatero, pokumbukira chilango cha woyankhula chilankhulo cha makolo pasukulu.

Kuchoka apo tinatsetsereka ku Nant Gwrtheyrn, pamsewu wotsika kwambiri moti nkhani zonse m'minibasi zinatha zokha. Unali mudzi wa anthu ophwanya miyala m'mbali mwa nyanja, womwe unasanduka bwinja ntchito itatha. Kuyambira mu 1982, nyumba zawo zija ndi mogona akuluakulu obwera kudzaphunzira Chiwelshi. Maphunziro a akuluakulu m'dziko lonse amayendetsedwa ndi bungwe la National Centre for Learning Welsh, ndi ndalama za boma, ndipo kuyambira mu 2022 achinyamata osapitirira zaka 25 komanso aphunzitsi salipira kanthu.

Mkangano unabuka madzulo, pa chakudya. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Cymraeg 2050, yoti pofika 2050 pakhale oyankhula Chiwelshi okwana miliyoni imodzi. Koma kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 538,300, kutsika kuchoka pa 562,000 mu 2011. Msungichuma wathu, munthu wosamvera nkhani yopanda manambala, anati ndalama zonsezi zikungolowa m'madzi. Tcheyamani anakana: popanda sukulu, malamulo ndi wailesi yakanema ya Chiwelshi ya S4C, yomwe inatsegulidwa mu 1982 mtsogoleri wina wandale wa ku Wales, Gwynfor Evans, ataopseza kuti adzikaniza chakudya mpaka boma la London lisunge lonjezo lake loitsegula, chiwerengerocho chikanagwa kuposa pamenepa.

Ine ndinali kumbali ya tcheyamani, koma osati kwathunthu. Sukulu imapatsa mwana chilankhulo, komano akakula amafuna ntchito ndi nyumba. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu obwera patchuthi chokha, mitengo inakwera, ndipo achinyamata obadwira pomwepo amasamukira ku Cardiff kapena ku England. Boma nalo linaliona vutoli: kuyambira mu 2023 makhonsolo ali ndi mphamvu yowonjezera msonkho wa nyumba zachiwiri, zomwe eni ake sakhalamo nthawi zonse, mpaka ndi 300 peresenti. Sindinkaganiza kuti nkhani ya chilankhulo ingafike ku msonkho wa nyumba, koma kumeneko ndi kumene yafika.

Ife tilibe boma lotiikira Chichewa pabajeti kuno, choncho tinasankha zomwe tingathe. Ana athu timawayamba mochedwa, Chingerezi chitakhazikika kale pakamwa. Tinagwirizana zotsegula kalasi ya ana osakwana zaka zisanu, kholo lizikhalamo limodzi ndi mwana. Amayi awiri adzipereka kale kuphunzitsa, ndipo msungichuma tamutuma akafunse mtengo wa chipinda china paholo yomwe timachita lendi.