Kujambula maluwa a nyika mvula ili mkati ku Johannesburg

Mvula ya ku Johannesburg ili ndi nthawi yake. M'mwezi wa Disembala kumacha bwinobwino, dzuwa phwee, koma ikamakwana 2 kapena 3 koloko masana mitambo yakuda bii imaunjikana, ziphaliwali n'kuyamba, mvula n'kukhuthuka, nthawi zina ndi matalala omwe. Mzindawu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750, ndipo mphezi za kuno n'zosasewera nazo.

Apa ndiye panali vuto langa. Ine ndinkafuna chithunzi cha duwa la nyika, chomera cha m'madzi, litamasula, madontho a mvula ali pamwamba pake. Koma nyika yamaluwa abuluu, imene akatswiri amaitcha Nymphaea nouchali, imamasula m'mawa dzuwa likakwerako n'kutseka masana. Pamene mvula ikufika, duwa limakhala litadzipinda kale. Zimafunika tsiku la mvula ya mawawa, yoyamba usiku n'kumangowaza mpaka kum'mawa, ndipo masiku otere kuno sachuluka.

Linapezeka Lamlungu, tsiku limene amalume sapita kuntchito. Iwo amasamala munda wa maluwa panyumba ina ku Randburg, ndipo ndi amene anasankha kopita: Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Mundawu unakhazikitsidwa mu 1982, ndipo dzina la Sisulu unalilandira mu 2004. Anthu ambiri amathamangira kumathithi a Witpoortjie kukaona ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga chisa pathanthwe. Ife tinakhotera kudziwe.

Maluwa ena anali atakana kumasula chifukwa cha mitambo, koma angapo anali atatsegula pang'ono, pakati pake pachikasu pakuoneka. Ndinakulunga kamera m'jumbo, n'kuboola kabowo koti lenzi isuzumire, amalume atagwira ambulera. Kujambula uli chilili kumangotulutsa masamba ndi matope, choncho ndinagwada pansi mpaka kamera inatsala pang'ono kukhudza madzi. Pamenepo duwa limaima lokha pamwamba pa phesi lake, kumbuyo kuli mdima wa bango.

Kuwala kwa tsiku la mitambo n'kwabwino kwambiri pa maluwa amenewa. Dzuwa likaswa mtengo, mtundu wabuluu uja umafwifwa pachithunzi, masamba n'kumanyezimira mothobwa m'maso. Mumawawa mtundu umatuluka wonse. Tsamba lina linali pafupi ndi bondo langa, long'ambika kamodzi kufika pakati monga mmene amakhalira onse, m'mphepete mwake mwa manomano. Madzi sanalinyowetse ayi. Madontho ankasonkhana n'kukhala kadziwe kakang'ono konjenjemera, kenako n'kutsetserekera pong'ambika paja. Tsambali limapumira kumtunda chifukwa kunsi kuli madzi, n'chifukwa chake liyenera kukhala louma, ndipo mpweya umatsikira kumizu kudzera m'timipata ta m'phesi. Kuti ndigwire timizere tozungulira timene dontho limapanga likagwa m'madzi, ndinaika liwiro la kamera pa 1/500 ya sekondi. Kutsika pamenepo zonse zimangosakanikirana.

"Mphwanga, ukudziwa kuti chimene ukugwadirachi chinatilera?" anafunsa amalume.

"Ndimangomva, amalume. Inu munadyako?"

Kwawo ndi ku Nsanje. Anandisimbira za njala ya 2002, mmene amayi awo ankapalasira bwato kulowa m'dambo m'bandakucha, n'kumazula nyika m'matope madzi akufika m'khosi, ng'ona zili momwemo. Akabwera nayo ankaiphika m'mphika, ana n'kumasenda khungu lakuda lija. Anati imakhala yowawirako koma imagwira m'mimba. Mpaka lero mvula ikavuta kapena madzi akasefukira, anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amabwerera kumadambo a Elephant Marsh ndi Ndindi kukasaka chakudya chomwechi.

Kuno amalume amaibzala ndi manja awo kuti abwana aziiona pomwa tiyi. Amaika muzu m'chitini cha dothi la makande, pamwamba n'kuthira timiyala kuti nsomba za koi zisafukule, kenako n'kumiza chitinicho m'dziwe pamalo owomba dzuwa. Akuti ikakhala pamthunzi imangochita masamba osatulutsa duwa. Amanena zimenezi mosadandaula, ngakhale monyadira kumene. Ine zinandikhudza, ndipo zithunzi zotsatira ndinajambula dzanja lawo lili pafupi ndi tsamba, zala zokhakhala zija zikulikweza kuti ndione kunsi kwake kofiirira.

Chakumasana mawawa analeka, kumadzulo kukuda, ndipo bingu loyamba litagunda amalume anapinda ambulera nthawi yomweyo. Anati munthu sakhala m'mbali mwa madzi ndi chitsulo m'manja mphezi zikayamba. Tinathamangira kuchipata, ndipo matalala anatipeza tili kale m'galimoto pamsewu wa Hendrik Potgieter.