Mkangano wa kugwetsana umene unatsala pang'ono kutseketsa malo athu a magemu

Malo athu a magemu ali m'chipinda chimodzi cha lendi pafupi ndi msika wa Kamuzu Road ku Salima, ndipo tinawatsegula ine ndi mayi akunyumba ndi ndalama zimene tinapeza titagulitsa mpunga. Tinayamba ndi TV ziwiri, PlayStation 4 ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito, mabenchi atatu ndi batire la sola lotithandiza magetsi akazima. Ambiri ankabwerera gemu ya mpira, koma imene inatchukitsa malo athu ndi gemu yakale yomenyana ya Street Fighter II, imene kampani ya Capcom ya ku Japan inatulutsa mu 1991 kuti iziseweredwa pa makina oponyamo ndalama zachitsulo. Ife tinaipeza m'chimbale cha Street Fighter 30th Anniversary Collection cha mu 2018, chomwe chili ndi magemu 12, ndipo mwa onsewo makasitomala anakondetsetsa Super Street Fighter II Turbo ya mu 1994.

Lamulo lathu linali lakuti wogonja alipire ndi kudzuka, wopambana akhalebe pampando. Motero kugonja kulikonse kunkakhudza thumba la munthu, ndipo mkangano unabuka pa nkhani ya kugwirana ndi kugwetsana. Gemuyi ili ndi mabatani 6, atatu a nkhonya ndi atatu a mateche, ndipo munthu amatchinga pokankhira chiwongolero kumbuyo. Kutchinga kumaletsa nkhonya ndi mateche, koma sikuletsa kugwidwa. Wosewera akamuyandikira kwambiri mnzake n'kukankhira chiwongolero kutsogolo kapena kumbuyo uku akudina batani la nkhonya yapakati kapena yamphamvu, amamunyamula n'kumumenyetsa pansi ngakhale mnzakeyo atatchinga bwino chotani.

Mnyamata wina wa kabaza, amene nthawi zonse ankasankha Zangief, mmodzi wa anthu omenya a m'gemuyi, anazindikira njira yomenya kankhonya kofooka kuti mnzake atchinge, kenako n'kumugwira nthawi yomweyo ndi Spinning Piledriver, ija imatuluka munthu akazunguza chiwongolero mkombero wathunthu. Madzulo ena anagonjetsa anthu motsatizana mpaka mmodzi anaponya chiwongolero pansi akunena kuti, "Achimwene, uku si kusewera, ndi kutibera ndalama." Benchi inagubuduzika, ndipo eni nyumba anatichenjeza kuti phokoso likapitirira tisamuke.

M'mawa mwake ndinalemba pa katoni kuti kugwetsana n'koletsedwa, ndikuganiza kuti ndabweretsa mtendere. Zotsatira zake zinaoneka m'buku la ndalama limene mayi akunyumba amasunga. Popeza panalibenso choopa, aliyense anayamba kusankha womenya wina wotchedwa Guile, kunjuta pakona, kutchinga ndi kuponya Sonic Boom, chida chake chomenyera mdani ali patali, mpaka nthawi ithe. Mpikisano umodzi unkatenga nthawi yaitali, oyembekezera pa benchi ankatopa n'kumapita, ndipo magemu olipiridwa pa tsiku anachepa. Mikangano nayo sinathe, chifukwa batani logwetsera ndi lomwelo lomenyera nkhonya, choncho anthu ankagwetsana mwangozi n'kuyamba kutsutsana ngati zinali dala. Mnyamata wa kabaza uja analeka kubwera, pamodzi ndi anzake amene ankabwera kudzamuonerera ndi kugula zoziziritsa kukhosi.

Amene anatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire wogulitsa nsomba za ku Senga Bay, yemwe anaseweretsapo makina enieni a gemuyi ali pa ntchito ku Johannesburg. Atawerenga katoni ija anandiitanira pambali nati, "Mwana wanga, mwachotsa mchere m'ndiwo. Anaikamo kugwetsa kuti wotchinga asagone tulo, ndipo anaikamonso mayankho ake." Anakhala nafe mpaka usiku akutionetsa mayankhowo.

Loyamba linali lapafupi. Mu Super Turbo, munthu akangogwidwa n'kudina mwamsanga batani lake logwetsera, amatera choimirira ndipo mphamvu imene amataya imakhala pafupifupi theka chabe. Njirayi munalibe mu gemu ya 1991, ndipo sigwira ntchito pa Spinning Piledriver kapena pa kugwira kokanirira, monga pamene E. Honda akufinya mdani pachifuwa kapena Dhalsim akumukhoma m'mutu. Pa kugwira kokanirirako munthu amagwedeza chiwongolero ndi kudina mabatani mofulumira kuti apulumuke msanga.

Yankho lachiwiri ndi limene linandipatsa ulemu waukulu pa gemuyi. Munthu amene watchinga nkhonya amauma kwa kanthawi, ndipo pa kanthawi kameneko sangagwidwe. Wofuna kugwetsa amadikira kuti kuumako kuthe, ndiye pamenepo pamatseguka kampata kakang'ono zedi, kachigawo kamodzi mwa zigawo pafupifupi 60 za sekondi, pomwe wotchinga angatulutse Shoryuken ya Ryu kapena Ken. Nkhonya yokwera m'mwambayi sigwirika pamene ikuyamba, choncho imadula dzanja la wogwetsayo, ndipo gemu imalemba mawu akuti Reversal, kutanthauza kubweza, pa kanema. Bamboyo anatiphunzitsa kuyendetsa zala pa mabatani atatu a nkhonya motsatizana, chifukwa gemuyi imawerengera kudina komanso kusiya batani, zimene zimachulukitsa mwayi wolasa kampatako. Komatu wogwetsa wochenjera akanunkhiza kuti Shoryuken ikubwera, amangotchinga n'kumulanga mnzakeyo potera. Apa m'pamene ndinaona kuti masewerawa akufanana ndi bawo, poti aliyense amayesa kuwerenga maganizo a mnzake asanasunthe. Palinso kumugwetsa wogwetsayo iye asanakugwire, ngati mkono wa munthu wako ukufika, ndiponso kumusunga Zangief kutali ndi miyendo yaitali ya Dhalsim kuti asapeze poyambira.

Katoni ija tinaichotsa, ndipo m'malo mwake tinakhazikitsa ola laulere Loweruka lililonse m'mawa, pamene timatsegula gawo lophunzirira la gemuyi kuti aliyense ayesere kutera choimirira ndi kubweza. Kunena zoona, ola limeneli ndi ndalama yabwino koposa imene tinatayapo, chifukwa wogonja amene akudziwa chimene analakwitsa amalipiranso kuti akonze, pamene woganiza kuti waberedwa amapita osabweranso. Ana a sukulu sitiwalola nthawi ya maphunziro, ndipo kubetcha ndalama tinakukaniratu. Ena apita patsogolo n'kuyamba Street Fighter III: 3rd Strike ya mu 1999, momwe kugwetsa kuli ndi mabatani akeake awiri, nkhonya yofooka ndi theche lofooka, ndipo wogwidwa akadina pa nthawi yake amamasuka osataya mphamvu iliyonse.

Vuto limene latsala ndi la zipangizo. Kugwedeza ndi kudina kothamanga kuja kumatha mabatani msanga, ndipo fumbi ndi thukuta la m'mwezi wa Okutobala zimalowa m'kati, moti Lamlungu lililonse ndimamasula ziwongolero ndi kuzipukuta. Tinagula ku Lilongwe chiwongolero chimodzi cha kandodo, chofanana ndi cha makina akale aja, ndipo chachiwiri tikuyembekeza kugula tikakolola mpunga. Mnyamata wa kabaza uja ndinakamupepesa ndekha pa siteji yake, ndipo tsopano ndi iye amene amaphunzitsa Loweruka. Amayamba wamugwetsa wophunzira katatu ndi Zangief, kenako amamupatsa Ken n'kumuuza kuti ayesere kumudula.